Masitolo Otchuka Amene Anatseka: Mfundo Zofunika Kuzilingalira

Mwana wobadwa chaka chino akadzakula, adzachita kufunsa kuti PTC kapena Kandodo chinali chiyani. Anzake a ku Britain adzafunsa za Woolworths, a ku America za A&P. Onsewa anali masitolo amene pa nthawi yawo palibe ankaganiza kuti angadzatseke. Nkhani zawo zimakambidwa ngati za ndalama basi, koma mukaziyang'anitsitsa ndi nkhani za khalidwe: mmene sitolo inkamuonera munthu wolowa pakhomo pake, ndiponso zimene eni ake anachita zinthu zitayamba kuthina.

1. Munthu wa ndalama zochepa saiwala amene sanamuchititse manyazi.

Frank Woolworth anatsegula sitolo yake yoyamba ku Utica, m'chigawo cha New York, mu Febuluwale 1879. Sinakhalitse. Mu Juni chaka chomwecho anakayesanso ku Lancaster, ku Pennsylvania, ndipo kumeneko zinamuyendera. Masiku amenewo katundu m'masitolo ambiri ankakhala kuseri kwa kauntala, wogula n'kumachita kuloza ndi kufunsa mtengo. Woolworth anayala katundu poyera kuti aliyense agwire ndi kutembenuza mmene akufunira, mtengo uli wodziwikiratu: masenti 5 kapena 10.

Aliyense amene anafunsapo mtengo wa chinthu atafumbata kandalama kosakwana, n'kuyankha kuti "chabwino, ndibweranso" akudziwa kuti sabweranso, akumvetsa kukula kwa nkhaniyi. Kwa Woolworth, mayi wochapa zovala za eni ankawerengera yekha chamumtima asanafike polipira, popanda womuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Phindu pa chinthu chimodzi linali lochepetsetsa, koma timasenti ta anthu wamba tomweto ndi timene tinamanga Woolworth Building ku New York mu 1913. Nyumbayi inali yaitali kuposa zonse padziko lapansi mpaka 1930, ndipo mwiniwake anaimanga osakongola ndalama kubanki.

2. Ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame.

Cha m'ma 1930, kampani ya A&P, imene inayamba ndi kugulitsa tiyi ku New York mu 1859, inali ndi magolosale pafupifupi 16,000. Panalibe woifika. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, mabanja ambiri a ku America anagula magalimoto n'kusamukira kunja kwa mizinda, ndipo ankafuna sitolo yaikulu yokhala ndi poimika galimoto. A&P inachedwa kuwatsatira. Inakakamira timasitolo take takale m'kati mwa mizinda, kenako n'kuyamba kutseka apa, kutseka apo, kwa zaka makumi angapo, mpaka inatheratu mu 2015.

Woolworth sitinganene kuti inagona. Mu 1962 inatsegula masitolo akuluakulu otchedwa Woolco. Chaka chomwecho kunabadwa Kmart ndi Target, ndipo Sam Walton anatsegula Walmart yoyamba m'katauni ka Rogers ku Arkansas. Pa onsewa Walton ndiye anali wamng'ono. Koma Woolco ya ku America inatsekedwa mu 1983, ya ku Canada n'kugulidwa ndi Walmart yomweyo mu 1994, ndipo mu 1997 masitolo a Woolworth pafupifupi 400 amene anatsala ku America anatsekedwa. Kuzindikira kuti zinthu zasintha si kovuta kwenikweni. Chovuta ndi kulekerera chimene chinakulemeretsa, chifukwa anthu amene ali pamipando anakwera ndi njira yakaleyo ndipo amaikonda.

3. Wolandira ndalama yako n'kukukaniza mpando sakukuwerengera.

Sitolo yomweyo imene inalemekeza wosauka inali ndi anthu amene inkawanyoza. Kum'mwera kwa America, munthu wakuda ankaloledwa kugula sopo, ulusi kapena kope m'sitolo ya Woolworth, koma sankaloledwa kukhala pa kauntala yodyera ya m'sitolo momwemo. Pa 1 Febuluwale 1960, ophunzira anayi achikuda a pakoleji ina ku Greensboro, ku North Carolina, anagula tinthu tingapo, n'kukakhala pa mipando ya pakauntalayo n'kuitanitsa khofi. Anawakaniza. Iwo sanachoke, sanatukwane, anangokhala mpaka sitolo inatseka. Mawa lake anabwera ambiri, ndipo pasanathe milungu yochuluka zionetsero zokhala pansi zinafalikira m'mizinda ina yambiri. Malonda atalowa pansi, sitolo ya ku Greensboro inayamba kupatsa anthu akuda chakudya pakauntalapo pa 25 Julayi chaka chomwecho.

Kwa ife nkhaniyi si yachilendo. Ku Northern Rhodesia, imene lero ndi Zambia, munthu wakuda ankagulira pa kazenera kam'mbali, azungu akulowera pakhomo, ndipo m'zaka za m'ma 1950 chipani cha African National Congress cha Harry Nkumbula chinatsogolera anthu kunyanyala mabutchala a ku Lusaka pa chifukwa chimenechi. Konsekonse, chimene chinafewetsa eni masitolo sichinali chikumbumtima, koma kuchepa kwa ndalama m'kabati madzulo. Zimenezi n'zomvetsa chisoni, komabe zikusonyeza kuti wogula ali ndi mphamvu imene nthawi zambiri saidziwa. Sitolo ya ku Greensboro ija tsopano ndi nyumba yosungiramo mbiri ya nkhondo yomenyera ufulu wa anthu akuda, ndipo anthu amapitako kukaona kauntala, osati kukakumbukira malonda.

4. Posiya chinthu, yang'ana amene ukumusiyira.

Masitolo awiri akuluakulu anagulitsidwapo pa mtengo wa kandalama kamodzi. Mu 1997, kampani ya South African Breweries inagulitsa OK Bazaars kwa Shoprite pa R1. OK Bazaars, imene inayamba ku Johannesburg mu 1927, inali ikuluza ndalama zambiri, koma inagwa m'manja mwa anthu odziwa ntchito ya golosale. Masitolo ambiri anasintha dzina n'kupitiriza kugulitsa, ndipo dzina la OK likadalipo pa masitolo ena mpaka lero.

Ya BHS ku Britain inatha mwina. Philip Green anagula masitolowa mu 2000 pa £200 miliyoni, ndipo m'zaka zoyambirira eni masheya anatapamo ndalama zankhaninkhani monga gawo lawo la phindu. Zinthu zitavuta, mu Malichi 2015, anawagulitsa pa £1 kwa gulu lotsogozedwa ndi Dominic Chappell, munthu amene anali atagwapo kale ndi ngongole komanso wosadziwa za masitolo akuluakulu. Patangotha chaka chimodzi, mu Epulo 2016, BHS inagwa. Anthu pafupifupi 11,000 ntchito inawathera, ndipo thumba la penshoni linapezeka likuperewera £571 miliyoni. Aphungu a Nyumba ya Malamulo anamuitanitsa Green kuti adzayankhe, manyuzipepala anamuvula, ndipo mu Febuluwale 2017 anavomera kuika £363 miliyoni m'thumbalo.

Ena amati malamulo sanamuletse kugulitsa. N'zoona. Koma mayi amene anaima pa tilu zaka 25, mwezi uliwonse akudulidwa ya penshoni, sanafunsidwe kuti tsogolo lake lipatsidwe kwa ndani. Kusayinirana mapepala kumachotsa dzina lako pa kampani, koma sikuchotsa udindo pa anthu amene anakukhulupirira. Mfundoyi ikukhudzanso mwini minibasi amene akuigulitsa kondakitala asanamulipire, ngakhalenso mkulu wa mpingo kapena sukulu amene akusiyira mpando munthu amene iye mwini akumukayikira.

5. Usanyoze kanthambi kakang'ono.

Mu 1963 Woolworth inagula kampani ya nsapato ya Kinney, ndipo mu 1974 m'kampani imeneyi munatuluka kasitolo ka nsapato zamasewera kotchedwa Foot Locker. Masitolo akuluakulu aja atatha, kanthambi kameneka ndi kamene kanatsala, moti mu 2001 kampani yonse inatenga dzina la Foot Locker.

6. Tisanalire maliro a sitolo, tidzifunse kuti tinalowamo liti komaliza.

Woolworths ya ku Britain inayamba ku Liverpool mu 1909 ndipo inagwa mu Novembala 2008, itatsala pang'ono kukwanitsa zaka 100. (Musaisokoneze ndi Woolworths ya ku South Africa, imene inayamba ku Cape Town mu 1931 ndipo ndi ya eni ena.) Masitolo oposa 800 anatsekedwa pofika pa 6 Januwale 2009, anthu pafupifupi 27,000 n'kukhala pa ulova. M'masiku omalizawo masitolo anadzaza kuposa kale. Anthu ankakumbutsana za maswiti odzisankhira okha amene ankagula ali ana, akudandaula kuti tauni yawo sidzakhalanso chimodzimodzi, kwinaku akukokerana katundu wotsitsidwa mtengo. Anagula mpaka mashelefu ndi mabasiketi ogulira zinthu. Ambiri mwa iwo anali atasiya kalekale kugula kumeneko: nyimbo ankagula pa intaneti, zidole za ana m'masupamaketi akuluakulu. Wogulitsa pa tilu ankamwetulira n'kumawathokoza, akudziwa kuti sabata yamawa alibe kopita.

Kwathu kuno zinachitika ndi PTC. Inayamba mu 1973 pansi pa kampani ya Press, ndipo kwa zaka zambiri ndiyo inali sitolo ya pa boma m'madera ambiri, kogula shuga, buledi ndi sopo pa mtengo wodziwika. Kenako Shoprite inafika ku Chichiri, Chipiku ndi Sana anakula, timagolosale ta m'makwalala tinachuluka, ndipo mashelefu a PTC anayamba kuoneka mipata. Mu 2022 Press Corporation inaigulitsa, ndipo chaka chomwecho nkhani yake inathera kukhoti, masitolo n'kutsekedwa.

Wogula sanalakwe kupita kotchipa. Ndalama ndi yake, ndipo ana kunyumba sadya dzina la sitolo. Kungoti chisoni chathu chimakonda kulunjika pa chikwangwani ndi pa ubwana wathu, pomwe amene anapwetekeka ndi ena. Ife tinawoloka msewu n'kukagula shuga kwina tsiku lomwelo. Mlonda, woyala katundu m'mashelefu, mlimi amene ankaperekako mazira ndi kabichi pa ngongole, amenewo ndiwo anatsala ndi mapepala m'manja, akudikira kuti oyendetsa chuma cha kampani yakufayo adzawagawire chimene chatsala.