Kodi Citsulo Cingasenze Mlandu?

Abale, pa 7 September 2001 kunacitika cinthu cimene makolo athu akadaciyesa nthano. Mai wina wa zaka 68 anagona m'cipatala ca ku Strasbourg, m'dziko la France, ndipo dotolo Jacques Marescaux anamcotsa ndulu, iye mwini ali ku New York, tsidya lija la nyanja. Dotoloyo anagwedeza zigwiriro kumeneko, ndipo manja acitsulo anamvera ku Strasbourg. Atapita masiku awiri mai uja anaturuka m'cipatala.

Ndulu ndiko kathumba kokhala kunsi kwa ciwindi. Mukamera timiyala m'menemo, munthu angamve ululu woopsa. Carl Langenbuch anayamba kuicotsa ku Berlin m'caka ca 1882, pong'amba mimba. M'caka ca 1985 Erich Mühe wa ku Germany anaicotsa pobowola pang'ono pokha, ndipo mabala otere apola msanga. Tsono kunadza makina olowetsa zitsulo m'tizibowomo, dotolo atakhala pambali, napenya za m'mimba pacithunzi.

Funso lathu ndi ili: mpeni ukaphonya, nudula njira yotengera madzi a ndulu kumatumbo, mlandu uli wa yani? Ena ati, Alakwa makina. Ife titi, Iai. Nkhwangwa ikagwetsa mtengo wa mnansi, pabwalo sitiitana nkhwangwa. Tiitana mwini dzanja. Citsulo ciribe manyazi, sicilapa, sicipepesa.

Koma tisaweruze mwamsanga, pakuti makinawa aposa nkhwangwa. Aletsa kunjenjemera kwa zala, natembenuka pamalo popanikiza pamene dzanja silifika. Wowakana cifukwa ali acilendo alakwanso; Mühe yemwe anzace anampeputsa poyamba, namlemekeza pambuyo pace. Komabe catsopano sicikhala cabwino cifukwa ca utsopano wace. M'caka ca 2023 ofufuza a ku Michigan, atapenda odwala oposa miliyoni imodzi ku America, anapeza kuti njira ija inavulala kawirikawiri pocita ndi makina koposa pobowola ndi manja. Ndiponso mtengo wa makina ngwaukuru.

Cotero tiona kuti mlandu wa dotolo uyamba mpeni usanalowe, tsiku limene asankha cida. Ayenera kudzifunsa ngati wacizolowera, ndiponso ngati acisankhira ubwino wa wodwala kapena mbiri ya iye yekha. Ayeneranso kuuza wodwalayo zoona asanamgoneke ndi mankhwala, pakuti wogona sangathe kudzinenera. Ifenso tisacite mantha kufunsa, Mwacita nchitoyi kangati?

Tikumbuke cinthu cimodzi ca tsiku lija. Ngakhale Marescaux anali kutari, pambali pa mai uja panaimirira madotolo ena, okonzeka kutsiriza nchito ndi manja ao ngati makina akadaleka. Anacita bwino. Dzanja lingatalike kufikira tsidya la nyanja, koma wodwala asasowe munthu womuimira pafupi, amene adzayankha za iye kukaca.