Nyumba zakale za boma ku Zomba

Tilingalire za Zomba, lomwe linali likulu la dziko lino mpaka 1975. M'tsinde mwa phiri la Zomba muli nyumba imene John Buchanan anamanga cha m'ma 1886, momwe Harry Johnston ankakhala polamulira dzikoli kuyambira 1891. Ndi yanjerwa, khonde lalitali, nsanja ziwiri zosongoka m'mbali. Lero ndi Hotel Masongola.

Amene anaponda dothi, kuumba njerwazo ndi kusenza milimo anali makolo athu. N'chifukwa chake zimandipweteka nyumba zotere zikamadontha, chiswe chikudya zitseko. Mukapita ku Zomba, tengani ana akazione, akagwire makomawo ndi manja awo.