Ni Galu Cabe?



Khrisimasi yafika pakhomo. Nkhuku zagulidwa, alendo ali m'njira, ndipo pa 31 December tidzacezera ku crossover. Funso la sabata ino ndi ili: kodi n'kwabwino kuti cimwemwe cathu cikhale cizunzo kwa galu ndi pusi wa pakhomo?

Ena amati, "Ni galu cabe." Zoona, galu si munthu. Koma ulamuliro wa pa Genesis 1:28 ndi wa kapitao, ndipo kapitao adzayankha kwa Mwini zonse. Miyambo 12:10 imayesa cilungamo ca munthu ndi mmene asamalira ciweto cake. Cifukwa ciani? Ciweto sicingakusumireni kwa abusa. Cifundo cimene mucionetsa kumene kulibe wokuyamikani ndico cifundo ceniceni.

Manje citani izi. Musamponyere mafupa a nkhuku yophika: amasweka n'kukhala akuthwa, angaboole matumbo. Cokoleti, anyezi ndi mphesa zouma za mu keke ndi poizoni kwa galu. Mafayaweki amamuopsa, pakuti makutu ake amamva kuposa athu. Angalumphe mpanda n'kugundidwa ndi motoka. Musanapite ku chalichi usiku umenewo, mutsekereni m'cipinda, mumuikire madzi. Ana a alendo asamuyandikire pamene akudya, ndipo katemera wa ciwewe asaiwalike.

Kumbukirani, Mpulumutsi wathu anagonekedwa modyera ziweto (Luka 2:7). Usiku woyamba uja, malo a ziweto ndiwo anamulandira. Phwando lake lisakhale usiku wa mantha kwa izo.

Ambuye akudalitseni pamodzi ndi zonse za pakhomo panu. Amen!