Kodi Kuphunzira Nkhonya N'kuphunzira Ndewu?

Acinyamata anzanga a ku Tamanda, ndi kangati mwalonjeza kuthamanga m'mamawa, koma cisanu ca mu Juni citafika munabwerera m'bulangete? Vuto si ulesi wokha ai. Cimene mtima sukondwera naco, thupi limacileka msanga. N'cifukwa cace ena amalimbitsa thupi ndi nkhonya, karate kapena judo.

Makolo ambiri amaopa kuti masewera otere amabala ndewu. Koma taonani Catherine Phiri, amene anatenga lamba wa WBC ku Mexico mu 2016. Munthu wapsamtima sangafike pamenepo, pakuti wokwiya amaiwala kudziteteza. Phunziro loyamba ndilo kudziletsa.

Tsono sankhani masewera okukondweretsani. Cimwemwe ndico cidzakudzutsani mawa. Koma mukazipeza mphamvuzo, mudzaopseza nazo ofooka, kapena mudzawacinjiriza?