Mphunzitsi ndi goloboyi a ku mzikiti wa Al Noor



Ambiri a ife tikamva za Christchurch timakumbuka nambala basi: anthu 51 omwe anaphedwa pa 15 Malichi 2019, nthawi ya Swala ya Jumu'ah, m'mizikiti ya Al Noor ndi Linwood ku New Zealand. Enafe mpaka tinatumizirana kavidiyo ka zoopsazo pa WhatsApp, Allah atikhululukire. Koma wina atati tchula dzina la mmodzi yekha mwa omwalirawo, timangoti kukamwa yasa. Lero titchuleko awiri.

A Naeem Rashid anali mphunzitsi, kwawo ku Abbottabad m'dziko la Pakistan, bambo wa ana aamuna atatu. Tsikulo anapita ku Al Noor ndi mwana wawo woyamba wa zaka 21. Mfuti itayamba kulira, anthu akuthinana pofuna kutuluka, iwo anathamangira kwa wakuphayo chimanjamanja n'kumugunda. Anawomberedwa, koma pa kamphindi kameneko ena anapeza mpata wothawa. Iwo ndi mwana wawo uja onse anamwalira. Mu 2021 boma la New Zealand linawapatsa ulemu wa New Zealand Cross, womwe umaperekedwa kwa anthu wamba osonyeza kulimba mtima kopambana.

Ine sindikhulupirira kuti mtima wotere umangobwera tsiku lomwelo. Munthu wozolowera kuima kutsogolo kwa ana a eni ake, kuwapirira, kubwereza phunziro limodzi kachitatu osakwiya, amakhala ataphunzira kale kuika ena patsogolo. Tsiku la mfuti linangoonetsa poyera zomwe zinalimo kale.

Wachiwiri ndi m'bale wathu Atta Elayyan, wa zaka 33, wobadwira ku Kuwait m'banja la Chipalestina. Anyamata okonda mpira, tcherani khutu apa. Atta anali goloboyi wa timu ya dziko la New Zealand ya futsal, mpira uja wa anthu asanu mbali iliyonse woseweredwa m'holo. Analinso ndi kampani yake yopanga mapulogalamu a pafoni ndi pakompyuta. Pamwamba pa zonsezo ankapezabe nthawi yokhala kochi wa anyamata a pa Christchurch Boys' High School, sukulu yomwe iye anaphunzirapo. Anasiya mkazi ndi kamwana kakakazi ka zaka 2. Bambo ake anavulazidwa mu mzikiti womwewo koma anapulumuka.

Tsono tiyeni tinene zoona. Ife tikakhala ndi kaganyu kamodzi, kapena thireningi ya masana, timati Jumu'ah ya lero yandidutsa, Allah akudziwa kuti ndatanganidwa. Eti? Munthu uyu anali ndi kampani, timu ya dziko, anyamata owaphunzitsa komanso banja, koma Lachisanu masana imfa inamupeza ali mu mzikiti. Sanasiye mpira kuti akhale Msilamu wabwino, ndipo sanasiye Swala chifukwa cha mpira.

Mu hadith yomwe ili mu Sahih Muslim, kuchokera kwa Abu Hurayra (RA), Mtumiki (SAW) anatiphunzitsa kuti malipiro a munthu amapitirira iye atamwalira kudzera mu sadaka yosatha, maphunziro omwe anthu akupindula nawo, komanso mwana wabwino womupemphera. Nthawi zambiri tikamva za sadaka yosatha timaganiza za chitsime kapena mzikiti wa malata atsopano, ndiye timati zimenezo n'za anthu a ndalama. Nanga mphunzitsi wa madrasa uja amene anakuphunzitsa alif, ba, ta utakhala pa mphasa? Nanga mkulu uja amene ankakusonkhanitsani pa bwalo la fumbi ndi mpira wachikulunga, n'kuimitsa masewero adhana ya Asr ikamveka? Ambiri mwa iwo sanalandirepo mendulo. Ena akadali moyo, ndipo nambala zawo tili nazo m'mafonimu, koma sitinawaimbirepo n'kamodzi komwe.

Nduna yaikulu ya New Zealand pa nthawiyo, Jacinda Ardern, inanena m'nyumba ya malamulo kuti sidzatchula dzina la wakuphayo, ndipo inapempha anthu kuti azitchula mayina a omwalira. Nafenso pano sitilitchula.

Allah awakhululukire a Naeem, mwana wawo, m'bale Atta ndi onse 51, awalowetse ku Jannatul Firdaus. Kamwana ka Atta kaja pano ndi mtsikana wa pasukulu. Mukamapanga dua usiku uno, mumukumbukire iye ndi mayi ake. Ameen.