Bowa wa Satana

M'chaka cha 1831, Mjeremani wina dzina lake Harald Othmar Lenz ankalemba za bowa wina wa m'nkhalango za ku Ulaya. Iye anati mpweya wochokera ku bowayo unamudwalitsa, ndiye anangomupatsa dzina loti satanas. Mpaka lero akatswiri amamutchula kuti Rubroboletus satanas. Pamwamba ndi wotuwa, kunsi kwake kuli timabowo tofiira, ndipo ukamudula mnofu wake umasanduka wabuluu. Ukamudya, makamaka wosaphika, umasanza mpaka kulapa.

Koma tafunsani mtengo wa oak, uja Baibulo limautcha thundu. Bowayu ndi wosowa, amakonda nthaka ya laimu, ndipo sangamere popanda mitengo ngati imeneyi. Ulusi wake umakulunga mizu, n'kumatungira mtengowo madzi ndi michere ya m'nthaka. Mtengo nawo umabweza shuga wopangidwa m'masamba. Thundu likanakhala ndi pakamwa, sindikukhulupirira kuti likanasankha dzina limenelo.

Nkhaniyi yandikhudza chifukwa cha foni yanga. Nambala ya malume anga ndinaisunga kuti Satana. Ndili chaka chachitatu ku yunivesite anakana kundilipirira fizi, anakana mouma mtima, ngakhale pepani analibe. Ndinatsala pang'ono kusiya sukulu. Nthawi yonseyo ndinkadziwa kuti akulera ana anayi a malemu mng'ono wawo, koma ndinkaona ngati izo sizikundikhudza.

Musandimve molakwa, Lenz sananame ayi. Poizoniyo ndi weniweni, ndipo dzina loopsali mwina lapulumutsa mimba zambiri. Amene anasanzapo ali ndi ufulu wochenjeza anzake, ndipo sindingamuuze kuti ayambe waganizira kaye za mizu. Inenso misozi imene ndinalira chaka chimenecho sinali ya sewero. Chimene chikundivuta ndi choti dzinalo limanena za tsiku limodzi la munthu mmodzi, koma limakhala ngati likunena za moyo wonse wa bowayo. Kodi amene wapwetekedwa ndi amene ayenera kutcha dzina? Nanga akapanda iyeyo, atche ndani, poti thundu sililankhula?

Sabata yatha foni inalira ili patebulo, dzina lija lili gwa pagalasi. Pafupi nane panali msuweni wanga, mmodzi mwa ana anayi aja, amene chaka chino wamaliza Fomu 4. Anayang'ana, n'kundifunsa kuti Satanayo ndi ndani. Ndinati ndi mnzanga wina wa ku koleji, n'kuitembenuza foniyo chafufumimba.