Nsembe Imayamba Moto Usanayake



Chaka ndi chaka, pa 3 June, Eklezia Katolika amakumbukira Amartiri oyera 22 a ku Uganda, Charles Lwanga ndi anzake. Maina ao si achilendo pakati pathu: tili ndi ana otchedwa Kizito, tili ndi matchalitchi ndi masukulu otchedwa Lwanga. Koma tikamamva mbiri yao, maso athu amangothamangira ku moto umene unawapsereza. Timagwira pakamwa ndi kunena kuti: "Anthu aja anali olimba mtima ndithu, ife sitingathe." Tikatero timabwerera kwathu osasintha kanthu.

Lero ndifuna kuti tipenye zimene zinachitika moto usanayake, pakuti phunziro lathu lili m'menemo. Munthu sangapereke moyo wake wonse tsiku limodzi, ngati sanazolowere kupereka kwa Mulungu zinthu zina masiku onse.

Zaka zitatu zopanda wansembe

Ansembe a chipani cha White Fathers, chomwe chija chinadzatsegula mishoni ya Mua kuno kwathu mu 1902, anafika m'dziko la Buganda mu February 1879. Oyamba anali Bambo Simeon Lourdel, amene anthu anamutcha Mapeera, ndi Brother Amans. Mfumu Mutesa I inawalandira, ndipo anyamata ena otumikira kunyumba ya mfumu anayamba kuphunzira katekisimu.

Mu 1882 zinthu zinavuta, ansembe anachoka nakakhala kumwera kwa nyanja ya Victoria mpaka 1885. Taganizirani, abale anga: zaka zitatu zopanda Misa, zopanda Ukaristia, zopanda sakramenti la Kulapa. Akristu anali ochepa, ndiponso atsopano. Kodi chikhulupiriro chao chinazima? Iai. Joseph Mukasa, Andrew Kaggwa, Matthias Mulumba ndi ena anasonkhanitsa anzao m'nyumba, nawaphunzitsa mapemphero ndi malamulo a Mulungu. Ansembe pobwerera anapeza kuti ofuna ubatizo achuluka koposa kale.

Inu akatekisti, mau awa ndi anu. Amartiri aja asanakhale amartiri, ambiri a iwo anayamba akhala aphunzitsi a anzao. Anapereka tulo tao, nthawi yao ndi mtendere wao, popanda malipiro, popanda wowayamikira. Nsembe yao inayambira pamenepo.

Aliyense anapereka chimene anachikonda

Matthias Mulumba anali munthu wamkulu, wa zaka ngati 50, nduna ya mfumu ya chigawo cha Ssingo, woweruza milandu. Monga akuluakulu a nthawi imeneyo, anali ndi akazi ambiri, ndipo ulemu wake pamaso pa anthu unali pomwepo. Atamva chiphunzitso cha Eklezia pa za ukwati, anatsala ndi mkazi mmodzi yekha, nabatizidwa mu 1882. Inu amene mudziwa mitala, mudziwa kulemera kwake kwa chinthu chotere: kunyozedwa ndi anzako, kudandaulidwa ndi abale, kuoneka ngati wosauka. Patapita zaka zinai, mu May 1886, anamudula manja ndi miyendo namusiya pa phiri la Kampala, kumene anazunzika masiku atatu asanamwalire. Koma mpeni woyamba anali ataulandira kale mumtima mwake mu 1882.

Joseph Mukasa Balikuddembe anali mkulu woyang'anira anyamata onse a kunyumba ya mfumu. Mutesa atamwalira mu 1884, mwana wake Mwanga analowa ufumu ali mnyamata, ndipo ankamukhulupirira Joseph. Udindo, chuma ndi chikondi cha mfumu, zonse Joseph anali nazo. Chofunika chinali kungotseka pakamwa. Koma Mwanga ankakakamiza anyamata ake kuchita naye zonyansa, ndipo mu October 1885 analamula kuti aphe Episkopi wa Anglican, James Hannington. Joseph anabisa anyamata kuti mfumu isawaipitse, ndipo anaidzudzula pamaso chifukwa cha mwazi wa mlendo uja. Pa 15 November 1885 anamudula mutu natentha thupi lake. Asanafe anatumiza mau kwa mfumu kuti waikhululukira, koma ilape. Munthu uyu anapereka malo ake abwino chifukwa cha choona. Ndipo zindikirani kuti amene anamulankhulira sanali wa mpingo wake.

Joseph ataphedwa, Charles Lwanga ndi akatekumeni ena sanathawe. Anapita kwa ansembe kukapempha ubatizo, podziwa bwino lomwe mtengo wake. Lwanga analowa m'malo mwa Joseph, napitiriza ntchito yoopsa ija yoteteza ana. Miyezi isanu ndi umodzi anagona ndi kudzuka imfa ili pakhomo.

Tsono pa 25 May 1886, ku Munyonyo, mfumu inapsa mtima itamva kuti mnyamata Denis Ssebuggwawo akuphunzitsa mnzake katekisimu, ndipo inamulasa ndi mkondo. Usiku umenewo Lwanga anabatiza akatekumeni amene anali nao, pakati pao Kizito, wamng'ono wa onse, wa zaka ngati 14, ndi Mbaga Tuzinde. M'mawa mwake mfumu inasonkhanitsa anyamata, nilamula kuti amene amapemphera apatuke, aime mbali ina.

Apa tiime pang'ono, abale anga. Pa nthawi imeneyo panalibe nkhuni, panalibe utsi. Panali mapazi owerengeka chabe pakati pa gulu lina ndi gulu linzake. Wofuna kupulumuka sanafunikire kutukwana Mulungu kapena kunena bodza. Kungokhala chete pamalo pake kunali kokwanira. Lwanga anaimirira, nagwira Kizito padzanja, napatuka, ndipo ena anawatsata. Nsembe yeniyeni inali mapazi amenewo. Moto wa ku Namugongo unangotsiriza zimene iwo anali atapereka kale.

Ndipo Mbaga Tuzinde? Mukajanga, mkulu wa opha anthu a mfumu, ndiye anamulera ngati mwana wake. Anamuchonderera kuti asiye kupemphera, analonjeza kumubisa, anamutengera kwa abale ake kwa sabata lathunthu kuti amufewetse mtima. Anzake anamangidwa ndi zingwe. Mbaga anamangidwa ndi misozi ya a kwao, ndipo chingwe chimenecho ndicho cholimba kopambana. Pa 3 June 1886, tsiku la Kukwera Kumwamba kwa Ambuye, anabwerera kwa anzake. Tsiku limenelo anawakulunga m'mabango nawaika pa moto, pamodzi ndi Akristu a Anglican amene anakananso kusiya Kristu. Lwanga anamutentha payekha, pang'onopang'ono, kuyambira kumapazi.

Wina anapereka banja la mitala, wina udindo, wina ubwana wake, wina chikondi cha atate ake. Mulungu sanawapemphe chinthu chimodzimodzi onse. Anapempha aliyense chimene mtima wake unakangamira.

Nanga ife?

Makolo athu anati walira mvula walira matope. Amene wapempha ubatizo wapemphanso mtanda, ngakhale sanadziwe kuti mtandawo udzaoneka bwanji. Lero palibe mfumu imene itisonkhanitsa ndi kutiuza kuti opemphera apatuke. Komabe funso lomwelo limatipeza, mwakachetechete, sabata ndi sabata.

Mwana wadwala, mankhwala a kuchipatala akuchedwa kugwira ntchito, ndipo abale akuti tiyeni tikaombeze kuti tidziwe amene watilodza. Mudzapatuka, kapena mudzakhala chete? Banja latha zaka popanda mwana, ndipo a kuchimuna akuti tenga mkazi wina. Mudzakumbukira lonjezo lanu la pa guwa? Kuntchito anzanu onse amalandira ziphuphu, ndipo wokana amamuona ngati mdani. Pa msika sikelo yonyenga imabweretsa phindu msanga. Mbale wanu anakulandani munda wa makolo, ndipo mwatha zaka osalankhulana naye, pamene nonse mumalandira Ukaristia m'tchalitchi limodzi. Mwana wanu wamkazi, amene munamuvutikira sukulu, akuti afuna kukhala sisitere, kapena wamwamuna afuna kupita ku seminale, ndipo inu munayembekeza kuti ndiye adzakusungani muukalamba. Pa zonsezi palibe moto wooneka, koma pali mapazi aja owerengeka.

Ambiri a ife sitikana Mulungu. Chimene timachita ndi kumupatsa zonse kupatula chimodzi. Timabwera ku Misa, timapereka mtulo, timaimba m'kwaya, koma pali kachipinda kena mumtima kamene tinatseka, kiyi nkusunga tokha. Tifuna Mulungu, tifunanso chathu chija. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Kumbukirani mnyamata wachuma uja wa mu Uthenga Wabwino wa Mateyo woyera, mutu 19. Sanali wakuba kapena wachigololo. Malamulo ankawasunga chiyambire ubwana wake. Ambuye anakhudza chinthu chimodzi chokha, chuma chake, ndipo iye anachoka nkhope ili yakugwa. Mbaga anali mnyamata ngati iyeyo, naye anakhudzidwa pa chinthu chimodzi, koma anabwerera kwa anzake. Kusiyana kwa awiriwa ndiko kusiyana kwa Mkristu wa dzina ndi Mkristu weniweni.

Mphamvu ichokera kuti?

Wina adzati: "Abambo, zimenezi nzovuta. Kodi Mulungu akondwera ndi kuvutika kwathu?" Iai, mwana wanga. Mulungu safuna misozi yathu, afuna ife. Amachotsa m'manja mwathu zimene tafumbata chifukwa dzanja lofumbata silingalandire kanthu. Mu mutu 13 wa Mateyo yemweyo timamva za munthu amene anapeza chuma chobisika m'munda, nagulitsa zake zonse kuti agule mundawo. Anagulitsa mokondwa, pakuti anadziwa chimene wapeza. Amene anaona anyamata a ku Buganda akupita ku imfa anadabwa ndi chinthu chomwechi: sanali kulira, anali kupemphera ndi kulimbikitsana, ndipo Kizito wamng'ono uja anali wosangalala.

Musaganize kuti iwo anabadwa ndi mitima ya chitsulo. Kizito anali ndi mantha monga mwana aliyense, ndicho chifukwa chake anafuna dzanja la Lwanga. Ena anali atangobatizidwa masiku ochepa. Mphamvu yao inali chaulere cha Mulungu, chomwecho chimene inu munalandira pa ubatizo, chimene mumachilandiranso pa Kulapa ndi pa Ukaristia. Ndiponso sanaime aliyense payekha. Mutu umodzi susenza denga: wamkulu anagwira wamng'ono padzanja. Inu makolo, inu aphunzitsi, inu akatekisti, pali ana amene akuyang'ana ngati inu muimirira, kuti naonso aimirire.

Tsono pa Misa iliyonse Eklezia amatiphunzitsa njira yake. Wansembe akamapereka mkate ndi vinyo, si mkate ndi vinyo zokha zimene ziyenera kukhala pa guwa. Ikanipo chinthu chanu chija: mkwiyo uja, botolo lija, chibwenzi chobisika chija, mantha aja a zonena za anthu. Ambuye Yesu anadzipereka kwa Atate pa mgonero wa Lachinai, asanakhomedwe pa mtanda Lachisanu. Nayenso nsembe yake inayamba mumtima. Amene aphatikiza kansembe kake kakang'ono ndi nsembe yaikulu imeneyo sataya kanthu. Pang'onopang'ono ndi mtolo: wokana tchimo laling'ono lero adzatha kukana lalikulu mawa.

Zipatso zake

Mwanga anayesa kuti moto udzathetsa Chikristu m'dziko lake. Iye anachotsedwa pa ufumu, namwalira kutali ndi kwao, pa zilumba za Seychelles, mu 1903. Koma anyamata amene anawatentha, Papa Benedict XV anawatchula Odala mu 1920, ndipo Papa Paul VI anawalemba m'gulu la Oyera pa 18 October 1964, pamaso pa maepiskopi a dziko lonse amene anasonkhana ku Roma pa Msonkhano wachiwiri wa Vatican. Mu 1969 Papa yemweyo anapita yekha ku Namugongo kukapemphera. Chaka chilichonse anthu miyandamiyanda amafika pamalopo, ena atayenda pansi masiku ambiri. Zimene zinaperekedwa kwa Mulungu sizinatayike.

Chotero, Akristu anzanga, musadzifunse ngati mungathe kupirira moto. Mwina Mulungu sadzakupemphani zimenezo. Dzifunseni funso lapafupi: kodi chinthu chimodzi chimene ndikumukaniza Mulungu nchiyani? Aliyense amachidziwa chake, safunikira womuuza. Lisanafike Lamulungu likudzali, chitchuleni dzina pamaso pa Mulungu, pitani nacho ku Kulapa, ndipo yendani phazi loyamba: kapepeseni kwa mbale uja, bwezani zimene munatenga, lekani njira ija. Ndipo ngati pali wofooka pafupi nanu, mugwireni padzanja.

Amartiri oyera a ku Uganda, amene anali anthu a mu Afrika monga ife, atipemphere kwa Mulungu mtima wosabisa kanthu. Amai Maria, amene anavomera kufuna kwa Mulungu ku Nazareti naimirira patsinde pa mtanda, atiphunzitse kuvomera kufikira mapeto. Mulungu Wamphamvuzonse akudalitseni nonse, inu ndi mabanja anu. Amen.